Njovu ya ku Lifupa ikuoneka ngati chiswe pa foni: zimene kamera ya filimu ndi ya dijito zimachita ndi kuwala

Kuyambira mu 2022, pamene njovu 263 zinanyamulidwa pa malole kuchokera ku Liwonde kudzazitula m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, zithunzi za njovu sizikusowa m'magulu a WhatsApp kuno kwathu. Zina amajambula ndi alendo okacheza ku damu la Lifupa. Zina amajambula ndi alimi a m'malire mwa nkhalango, amene amadzuka m'mawa n'kupeza chimanga chili lambalamba, ndipo amafuna umboni woti akaonetse. Pa zithunzi zimenezi pamabuka nkhani ziwiri zimene ndazimva kangapo.

Yoyamba ndi ya wodandaula. Njovu anaiona ndi maso ake, yaikulu ngati nkhokwe, koma pa foni yatuluka ngati chiswe pakati pa tchire. Nanga a m'magazini aja amatani kuti azionetsa mpaka makwinya a pachitamba? Yachiwiri ndi ya wokayikira, ndipo kawirikawiri imachokera kwa akuluakulu: zithunzi za masiku ano n'zokometsera pa kompyuta, zenizeni zinali za filimu zija.

Zonse ziwiri zimayankhika munthu akamvetsa zimene kamera imachita ndi kuwala.

Kamera ndi chipinda cha mdima

Amene anagonapo masana m'nyumba ya malata akale obooka akukumbukira timadontho towala timene timagwera pansi. Bowo la msomali lingakhale lopindika bwanji, kadontho kamatuluka kozungulira, chifukwa kadontho kaja ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Kamera ndi chipinda chotero chochepetsedwa. Kutsogolo kuli bowo, ndipo pabowopo anaikapo magalasi otchedwa lenzi, amene amasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pakhoma lakumbuyo. Kamera ya filimu ndi ya dijito zimafanana mpaka pamenepa. Zimasiyana pa chimene chaikidwa pakhomalo kuti chigwire kuwalako.

Filimu ndi mankhwala

Filimu ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki wopakidwa phala louma, ndipo m'phalamo muli timibulu ta mchere wa siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukakhudza timibuluti timasintha pang'ono, koma chithunzi sichioneka mpaka filimuyo itaviikidwa m'mankhwala mu mdima. N'chifukwa chake timati kutsuka filimu. Chimene chimatuluka ndi negativu, pamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Negativu ili ngati chikombole cha njerwa: mukhoza kuumbirapo zithunzi zambirimbiri, koma chikombole ndi chimodzi.

Filimu yodziwika kwambiri ndi ya 35mm. Chithunzi chilichonse chimatenga malo a mamilimita 24 ndi 36, ndipo mpukutu umodzi umalowa zithunzi 24 kapena 36. Amene anakula wojambula wa pa njinga akuyendayenda m'midzi akudziwa zimene manambalawa ankatanthauza. Mukajambulitsa lero, munkadikira kuti filimu ithe kaye, kenako apite nayo kutauni kukatsukitsa, ndipo chithunzi cha pa Khirisimasi chinkatha kubwera chimanga chitamasula.

Filimu ilinso ndi msinkhu wake wa timibulu. Ya timibulu ting'onoting'ono imatulutsa chithunzi chosalala ngati ufa woyera, koma imafuna kuwala kochuluka. Ya timibulu tokulirapo imagwira ngakhale kuwala kochepa, koma chithunzi chimakhala cha mchengamchenga ngati mgaiwa. Nambala ya ISO yolembedwa pa kabokosi imanena zimenezi: 50 kapena 100 ndi ufa woyera, 400 kapena 800 ndi mgaiwa.

Sensa ndi magetsi

Mu kamera ya dijito, pamalo pa filimu pali kachitsulo kotchedwa sensa. Tiyerekeze bwalo lalikulu limene ayalapo makapu mamiliyoni ambiri m'mizere, kenako mvula n'kugwa. Mutayeza madzi m'kapu iliyonse mukhoza kudziwa pamene mvula inachuluka ndi pamene inachepa. Sensa imachita chimodzimodzi ndi kuwala: kakapu kalikonse kamasandutsa kuwala kukhala magetsi, ndipo kamera imalemba nambala. Kakapu kamodzi ndi pikiselo imodzi, ndipo megapikiselo ndi mapikiselo 1 miliyoni.

Makapuwa paokha sazindikira mitundu. Pamwamba pawo amayalapo timagalasi tamitundu, pa makapu anayi alionse awiri obiriwira, imodzi yofiira ndi imodzi ya buluu, kenako kompyuta ya m'kamera imawerengera mtundu wa malo alionse poyang'ana makapu oyandikana. Choncho wokayikira uja sananame kwenikweni. Palibe chithunzi cha dijito chimene sichinadutse m'masamu a kompyuta.

Chodabwitsa n'chakuti kamera ya dijito yoyamba yonyamulika inapangidwa ku kampani ya filimu. Steven Sasson wa ku Kodak anailumikiza mu 1975. Inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, mapikiselo 10,000 basi, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi pa kaseti.

Zinthu zitatu zoyeza kuwala

Filimu kapena sensa, zonse zimafuna kuwala kwa muyeso. Kukachepa chithunzi chimada, kukachuluka chimayera mbee. Wojambula ali ndi zinthu zitatu zoyezera.

Choyamba ndi khomo la m'lenzi, limene pa Chingerezi amati aperture. Limakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso, ndipo manambala ake amayenda chafutambuyo: f/4 ndi khomo lalikulu, f/16 ndi laling'ono. Chachiwiri ndi shata, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka mukadina. Pa 1/1000 kamatseguka gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pa 1/30 kamachedwerapo. Zili ngati kutchera madzi a mvula: beseni limadzaza msanga, botolo la kukamwa kochepa limafuna kudikira. Chachitatu ndi ISO ija. Pa filimu ISO mumasankhiratu pogula, ndipo mumakhala nayo mpaka mpukutu utatha. Pa dijito mukhoza kuisintha pa chithunzi chilichonse, koma kukweza ISO kuli ngati kukweza wailesi pamene siteshoni ikumveka patali. Mawu amakwera, phokoso la shwee nalonso limakwera, ndipo pa chithunzi phokosolo limaoneka ngati timadontho m'malo amdima.

Chimene chimapangitsa kujambula kukhala luso n'chakuti chilichonse mwa zitatuzi chimasintha maonekedwe a chithunzi, osati kuwala kokha. Khomo lalikulu limachititsa kuti chinthu chimodzi chokha chioneke mwatchutchutchu, zakumbuyo n'kukhala mbuu. Izi n'zabwino kwa mphalapala yoima m'tchire lowirira, chifukwa tchire limasungunuka n'kutsala nyama yokha. Khomo laling'ono limaonetsa zonse, kuyambira mwala uli pamapazi panu mpaka phiri lakutali, ndipo n'limene wojambula malo amafuna. Shata yothamanga imaimitsa nkhwazi m'malere ikutsikira nsomba. Shata yochedwa imasandutsa nkhwazi yomweyo mzere wa mbuu.

Akale amene ankagwiritsa ntchito makamera opanda choyezera kuwala anali ndi lamulo losavuta. Dzuwa likakhala phwee, ikani f/16, ndipo shata ifanane ndi ISO ya filimu: filimu ya 100, shata ya 1/100 kapena yoyandikira pamenepo. Lamuloli likugwirabe ntchito pa kamera ya dijito, chifukwa dzuwa ndi lomwe lija.

Chifukwa chake njovu imachepa

Tsopano funso la wodandaula uja. Vuto si kuchepa kwa mamegapikiselo, koma lenzi. Lenzi iliyonse ili ndi nambala ya mamilimita imene imanena kukula kwa malo amene ikuona. Lenzi imene foni zambiri zimajambulira kawirikawiri imafanana ndi ya 24mm kapena 26mm pa kamera ya filimu. Imaona malo otakata, chifukwa anaipangira kujambula anthu a pa chinkhoswe onse alowemo. Ojambula nyama amagwiritsa ntchito malenzi a 300mm, 400mm mpaka 600mm. Masamu ake ngolunjika: njovu yomweyo, mutaima pamalo omwewo, lenzi ya 500mm imaikulitsa maulendo 20 kuposa ya 25mm. Ndiye kusiyana kwa chiswe ndi makwinya a pachitamba kumeneko.

Maso athu amatinyenga pa nkhaniyi. Munthu ukaona njovu kutsidya kwa damu, mtima wonse umapita pa njovuyo, ndipo mitengo, madzi ndi thambo umaziiwala. Kamera siiwala kanthu. Imapatsa njovu kagawo kake kenikeni ka malowo, kamene kangakhale kochepa kuposa chikhadabo.

Nanga kukoka chithunzi ndi zala pa foni? Foni ikakhala yopanda lenzi yachiwiri yoonera kutali, kukokako sikubweretsa njovu pafupi. Foni imangodula pakati pa chithunzi n'kutambasula, ngati kukoka chitenje. Maluwa a pa chitenje amakula, koma ulusi suwonjezereka. Foni zina zatsopano zimadzaza mipata ndi zongoyerekeza za kompyuta, ndipo n'chifukwa chake khungu la njovu nthawi zina limatuluka ngati lopaka utoto.

Lenzi yaitali ili ndi mavuto ake. Imakulitsa nyama, komanso imakulitsa kunjenjemera kwa manja. Lamulo lakale limati shata isachedwe kuposa nambala ya lenzi: pa 500mm musatsike pa 1/500. Makamera ndi malenzi atsopano ali ndi zochepetsa kugwedera, koma zimenezi zimathandiza pa manja anu okha, nyama ikasuntha sizingaiimitse. M'galimoto, chida chodalirika n'chotsika mtengo kwambiri: kathumba ka nyemba kapena mpunga koika pawindo, lenzi n'kugonapo, injini itazimitsidwa. Vuto lina ndi mpweya. Masana a mu October, mpweya wotentha umavinavina pamwamba pa dambo monga umachitira pamsewu wa tala, ndipo lenzi yaitali imajambula kuvinako. Ngakhale lenzi ya ndalama zambiri bwanji, nyama ya kutali masana otere imatuluka mbuu.

Apa m'pamene ena amaganiza zoyandikira, ndipo ndinene mosabisa: palibe chithunzi chofunika kuposa moyo. Njovu siona bwino patali koma imanunkhiza kwambiri, ndipo mphepo ikatembenuka imadziwa kuti mulipo. Ikayamba kupukusa mutu, kutambasula makutu kapena kusiya kudya n'kumakuyang'anani, mwayandikira kale mopitirira. Yaikazi ya mwana ndiye siinyengereka. Mvuu za ku Lifupa zimaswera m'madzi n'kutuluka madzulo kukadya udzu, ndipo munthu asapezeke pakati pa mvuu ndi madzi. Kuyasamula kwa mvuu kumene ojambula amakukonda kuja nthawi zambiri si tulo, ndi chenjezo. M'nkhalango mawu omaliza ndi a alonda a nyama, amene ambiri timawatcha agemu. Akati bwererani m'galimoto, n'kubwerera basi.

Ojambula nyama odziwa ntchito sathamangitsa nyama. Amaphunzira kumene imamwa ndi nthawi imene imabwera, n'kukakhala pamenepo maola. Amalunjikitsa fokasi, ndiye kuti malo amene lenzi ikuonetsa mwatchutchutchu, pa diso la nyama. Ku Kasungu izi n'zovutirapo kuposa kumadera a zigwa zoyera, chifukwa nkhalango yathu ndi ya miombo. Kamera yodzisankhira fokasi imakonda kugwira kanthambi kapena udzu umene uli kutsogolo, nyama n'kutsala mbuu kumbuyo. Wojambula amafunika kusankha yekha kadontho ka fokasi, kapena kupotokola lenzi ndi dzanja monga ankachitira a filimu.

Choyezera kuwala cha m'kamera nachonso chimapusitsika. Chimayesa kuti dziko lonse ndi lotuwa pakatikati. Njati yakuda ikadzaza chithunzi, kamera imawonjezera kuwala mpaka njatiyo kutuwa. Kakowa woyera akaima pa madzi akuda, kamera imayeza madziwo, ndipo nthenga za kakowa zimapsa n'kukhala chigamba choyera chopanda kanthu. Wojambula amayenera kuchepetsa kapena kuwonjezera yekha.

Kanthu kena kakang'ono: m'nkhalango ya Kasungu muli akashembe, ndipo amakopeka ndi zovala za buluu ndi zakuda. Ojambula amavala khaki, koma si chifukwa cha fashoni. N'kovuta kugwira lenzi ya 500mm osagwedeza kashembe akukuluma pakhosi.

Kujambula malo: nyengo ya nyama si nyengo ya mapiri

Malo sathawa, choncho anthu amayesa kuti kujambula phiri n'kosavuta. Koma phiri la Kasungu limene mumaliona tsiku lililonse mukuchokera kumsika si limodzi pa chithunzi. Masana dzuwa lili paliwombo, kuwala kumagwa kuchokera pamwamba, mithunzi imabisala pansi pa mitengo, ndipo phiri limaoneka lafulati ngati lojambula pa khoma. M'mawa ndi madzulo kuwala kumabwera cham'mbali, mwala uliwonse umakhala ndi mthunzi wake, ndipo phiri limatukuka. Kuwalako kumakhalanso kofiirira, chifukwa kwadutsa mpweya wochuluka umene wamwaza kuwala kwa buluu.

Nthawi imeneyi kuno n'njaifupi. Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kumwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo dzuwa limatsika molunjika, silipendekera monga limachitira ku Ulaya m'chilimwe chawo. Kuwala kwabwino sikukwana ola. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo mu November limatuluka itangopitirira 5 koloko m'mawa. Amene akufuna kujambula kulowa kwa dzuwa ali pa thanthwe la Black Rock m'nkhalangomo ayenera kukhala atakwera kale, atasankha kale poima, dzuwa lisanafiire.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti kuno kwathu nyengo yabwino ya nyama ndi nyengo yoipa ya malo. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, udzu wauma kapena wapsa, madzi atsala m'malo ochepa, ndipo nyama zimabwera zokha ku Lifupa. Koma m'miyezi yomweyo mlengalenga mumadzaza utsi wa lupsa ndi fumbi, mapiri akutali amazimirira, ndipo thambo limatuwa ngati phulusa. Mu April ndi May, mvula itangosiya, mpweya umakhala wotsukika, mitambo ili yoyera, mukhoza kuona kutali kwambiri. Koma udzu umakhala wotalika kuposa munthu, madzi ali paliponse, ndipo nyama zamwazikana. Munthu amene wabwera ulendo umodzi akufuna zonse ziwiri amabwerera ndi chimodzi.

Utsi si mdani nthawi zonse. Dzuwa la mu October likamalowa mu utsi limasanduka mpira wofiira umene kamera imatha kuujambula osapsa, ndipo mizere ya mapiri imasanjikizana, uliwonse wotuwa kuposa unzake. Cha mu September mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ndi ofiirira asanabiriwire, mvula isanagwe n'komwe. Masamba amenewa amaoneka bwino kwambiri dzuwa likawawalira kuchokera kumbuyo.

Zida za wojambula malo n'zochepa. Lenzi yotakata ya 24mm kapena 35mm, khomo la f/8 kapena f/11, ISO yotsika, ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu, chimene chimakhazikika ngati mphika pa mafuwa ngakhale pansi pali posalingana. Palinso galasi lomangirira kutsogolo kwa lenzi lotchedwa polariser, limene limachotsa kunyezimira pa madzi ndi pa masamba n'kudetsa thambo. Utsi wa lupsa silingauchotse. Pa ntchito ya malo foni imachita bwino ndithu, chifukwa lenzi yake ndi yotakata kale. Chimene chimasowa pa zithunzi zambiri za pa foni ndi chinthu chapafupi choti diso liyambirepo: chulu, mtengo wa msuku, chigafa cha fodya, munthu wa pa njinga. Popanda chimenecho chigwa chonse chimangokhala mzere wopyapyala pakati pa chithunzi.

Vuto lalikulu la malo ndi kusiyana kwa thambo lowala ndi nthaka yakuda. Diso la munthu limaona zonse ziwiri, kamera imalephera. Apa filimu ndi dijito zili ndi makhalidwe osiyana. Filimu ya negativu imapirira kuwala kochuluka, ndipo mitambo imatsalabe ngakhale mutapitiriza pang'ono, koma ikamanidwa kuwala malo amdima amafa. Sensa ndi chosemphana: kapu ikasefukira nambala yake yatha, malo opsa sabwereranso, koma m'malo amdima mumatha kutulutsamo zambiri pambuyo pake. Choncho wa negativu amayeza kuwala poyang'ana mithunzi, wa dijito amayeza posamala mitambo. Pali mtundu wina wa filimu wotchedwa slide, umene umatuluka ndi mitundu yeniyeni osati negativu. Umenewu sukhululuka mbali zonse ziwiri, komabe ojambula malo ankaukonda, makamaka Velvia ya Fujifilm imene inatuluka mu 1990, chifukwa cha kubiriwira kwake kowala.

Kutchire, chilichonse chili ndi pofooka pake

Dijito imakuonetsani chithunzi pomwepo, mukalakwitsa n'kukonza nyama isanachoke. Makamera ambiri amajambula zithunzi 10 kapena kuposa pa sekondi imodzi, ndipo kakhadi kamodzi kamasunga masauzande. Madzulo kuwala kukamatha mumangokweza ISO. Pa nyama zothamanga ndi mbalame, ubwino umenewu ndi waukulu, ndipo n'chifukwa chake pafupifupi onse ojambula nyama ngati ntchito anasamukira ku dijito. Koma batire ikatha zonse zaima, ndipo kumene magetsi ndi osadalirika zimenezi si nkhani yaing'ono. Fumbi likalowa posintha lenzi limakakhala pa sensa n'kumaoneka pa thambo la chithunzi chilichonse mpaka mutapukuta.

Makamera ena akale a filimu, monga Pentax K1000 ndi Nikon FM2, amajambula popanda batire, chifukwa batire yake ndi ya choyezera kuwala chokha. Amagulika motsika mtengo poyerekeza ndi dijito yatsopano, koma chithunzi chilichonse chimadya ndalama, ndipo filimu ndi kotsukitsa n'zosowa kuno masiku ano. Filimu imadana ndi kutentha: yosiyidwa m'galimoto yotseka masana a October imasintha mitundu. Ya zakuda ndi zoyera munthu akhoza kutsuka yekha kunyumba, koma mankhwala ake amafuna kukhala pa madigiri 20, pamene madzi a m'ndowa m'chilimwe amakhala ofunda kuposa pamenepo. Okonda filimu amanena kuti zithunzi 36 zimaphunzitsa munthu kuyang'ana kaye asanadine. Okonda dijito amayankha kuti munthu amaphunzira msanga akaona cholakwa chake pomwepo. Onse akunena zoona. Mdani wa onse ndi chuku, chimene chimamera m'kati mwa lenzi m'dzinja ngati yasungidwa m'chikwama cha chinyezi.

Kodi chenicheni ndi chiti?

Tibwerere kwa wokayikira. Kamera ya dijito imasunga chithunzi m'njira ziwiri. JPEG ndi nsima yophikaphika: kamera yasankha kale mitundu ndi kuwala, zotsala yataya. RAW ndi ufa: manambala onse a sensa ali momwemo, ndipo wojambula amakaphika yekha pa kompyuta. Foni zambiri zimapitirira apo. Mukadina kamodzi zimajambula zithunzi zingapo n'kuziphatikiza, zimawalitsa mithunzi, zimakoleza thambo.

Koma filimu nayo sinali yopanda dzanja la munthu. Kusankha Velvia kunali kusankhiratu kuti udzu ubiriwire kuposa mmene diso linauonera. Potsuka chithunzi pa pepala, katswiri ankatchinga kuwala ndi dzanja pamalo ena n'kuwonjezera pamalo ena. Ansel Adams, wojambula malo wotchuka wa ku America, anajambula mwezi ukutuluka ku Hernandez, New Mexico, mu 1941, ndipo pa zaka zotsatira ankadetsa kwambiri thambo la chithunzicho potsuka, mosabisa.

Choncho malire amene ojambula zachilengedwe amatsatira sali pakati pa filimu ndi dijito. Kukonza kuwala ndi mitundu kuti zifanane ndi zimene zinalipo n'kololedwa. Kuwonjezera nyama imene panalibe, kuchotsa imene inalipo, kapena kunena kuti nyama yoweta ndi yakutchire, n'kunama. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, umene amayendetsa a Natural History Museum ku London, umafuna kuona RAW kapena filimu yoyambirira ya zithunzi zimene zafika kumapeto. Mu 2010 analanda mphoto yaikulu ya chithunzi cha mmbulu ukudumpha geti ku Spain, oweruza atakhutira kuti unali mmbulu woweta, ngakhale wojambulayo anakana. Chithunzi chimenecho chinajambulidwa pa filimu. Mu 2018 anachotsanso chithunzi cha nyama yodya chiswe ya ku Brazil, akatswiri atanena kuti inali yakufa youmitsa, ndipo nayenso mwini wake anakana. Pa milandu iwiri yonseyi funso linali pa chimene chinaima kutsogolo kwa lenzi.

Kwa mlimi wa m'malire mwa nkhalango, nkhani ya umboniyi si ya mpikisano. Chithunzi cha dijito chimanyamula zolemba zobisika: tsiku, ola, mtundu wa foni, ndipo ngati mwalola, malo enieni amene munaima. Mukachitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimachepetsedwa ndipo zolembazo zimachoka. Mukachitumiza ngati document chimapita chathunthu. Amene akujambula munda wowonongeka asafufute choyambirira cha m'foni, aonetsetse kuti tsiku ndi nthawi za foniyo n'zolondola, ndipo ajambule zotakata zoonetsa munda ndi chizindikiro chodziwika ngati mtengo kapena nyumba, kenako zapafupi zoonetsa mapazi ndi ndowe. Zimenezi zijambulidwe njovu zitachoka.

Zolemba zomwezo zikhoza kupweteka nyama. Njovu za ku Kasungu zinachepa kwambiri chifukwa cha opha nyama mozembera, kuchoka pa zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970 kufika pa makumi ochepa chabe cha mu 2015. Chithunzi cha njovu ya minyanga ikuluikulu chikafalitsidwa tsiku lomwelo, malo ake ali momwemo kapena atalembedwa pansi pake, chimauza aliyense kumene njovuyo ili. Mlendo wojambula m'nkhalango azimitse zolemba malo pa kamera ya foni asanalowe pa geti, ndipo ngati akufuna kuika pa Facebook, adikire masiku angapo, alembe kuti Kasungu basi.